Kaseti Imene Mwamuna Wanga Ankati Kulibe

1

Ndine telala. Ndakhala pa makina zaka zoposa makumi atatu, ndipo msoko wokhota ndimauona mwini chovala akadali tsidya la msewu. Koma msoko wokhota wa m'nyumba mwanga momwe ndinagona nawo zaka 26 osauona. Ndikulemba izi ndikumva nseru, ndipo ndikuuzirenitu kuti si mwamuna wanga yekha amene akundinyansa m'nkhaniyi.

Mwamuna wangayo amakonza mawailesi. Ambiri dzina lake lenileni salidziwa, amangoti Bambo Matepi. Ngati munabadwa kale mukulikumbukira gulu la roko lija la Malasha, anyamata asanu a tsitsi losapesa amene ankaliza magitala mpaka malata a holo kunjenjemera. Gululo linatha kalekale, koma m'nyumba mwathu silinathe. Chipinda chabwino kuposa zonse, chija cholowa kamphepo, sichinagonepo mwana kapena mlendo. Munkagona makaseti.

Analipo 212. Osati aja ogula m'sitolo, amenewo bambo ankawatcha zinyalala. Awa anali ojambulidwa gulu likuimba pamaso pa anthu, m'maholo ndi m'mabwalo, momwe mumamveka mikuwe, mabotolo kusweka, ndi wina kutsokomola pafupi ndi makina. Ena anajambula okha ali mnyamata, ena anachita kuwasaka kwa akazi amasiye ndi m'makatoni a anthu osamuka. Kaseti iliyonse inali ndi khadi lake lolembapo tsiku, holo, mndandanda wa nyimbo ndi malikisi a kamvekedwe kake. Kuseri kwa khadilo ankalembako tsiku lililonse limene aimvetsera, poti akuti tepi imatha ngati nsapato. Masiku obadwa a ana athu ankachita kufunsa ine, koma tsiku limene woimba ng'oma wa Malasha anaboola ng'oma akanalitchula ngakhale ali m'tulo.

Sindinkadandaula. Ndikanadandaula bwanji? Woliza gitala wa Malasha, uja ankamutcha Kamanzere, anali mlongo wanga weniweni, bere limodzi. Ndinkanyadira kuti ndinakwatiwa ndi munthu amene sanalole kuti achimwene aiwalike.

Pa mashelefu onsewo pankasowa kaseti imodzi yokha, ya tsiku limene achimwene anafera pa siteji.

"Tsiku limenelo makina anandikanira," ankatero bambo uku akupukusa mutu. "Mwina Mulungu sanafune."

2

Linali Loweruka masana, mu holo ya fakitale ya sopo. Ine ndinali ndi zaka 19, ndipo ndinaima kutsogolo kwenikweni. Achimwene sankaimba, ntchito yawo inali gitala basi, kupatula nyimbo imodzi, yachisanu ndi chiwiri, imene ankaimba okha. Itakwana nthawi yake anayandikira maiki gitala ili m'manja. Milomo itangokhudza chitsulo kunamveka kuti phwaa! Anauma thupi lonse, kenako anagwa chagada. Kuchipatala anafika atazizira kale.

Ofufuza anapeza kuti pa mikisa, chimakina chija chimasakaniza mawu a zida zonse, panali waya wobiriwira wodulidwa, uja amathawitsira pansi magetsi osokera. Woyang'anira mawaya onse a gululo anali bambo wina wamtali, wofatsa, amene aliyense ankamutcha Mawaya. Anthu anamumenya mu holo momwemo mpaka khutu limodzi kugontha. Kukhoti analumbira kuti sanadule waya, nati panali kamnyamata kena kojambula kamene kanalumikiza makina ake pa mikisapo. Kamnyamatako kataitanidwa kanalira ngati mwana, n'kunena kuti makina ake sanayake n'komwe tsiku limenelo. Mawaya anakakhala kundende zaka zinayi.

Tsiku la chigamulo, akumutulutsa, ndinadutsa pakati pa apolisi n'kumulavulira kumaso. Mkazi wake anali pomwepo, kamwana kakakazi katagwira siketi yake. Mawaya sanapukute, manja anali mu unyolo. Anangondiyang'ana malovu akutsetsereka pa tsaya. Kwa zaka zambiri ndinkaikamba nkhani imeneyi monyadira.

Kamnyamata kolira kaja kanayamba kubwera kwathu ndi makaseti, kuti mayi anga azimvako gitala ya mwana wawo. Mayi ankati, "Mwana uyu ali ndi mtima wabwino." Patatha zaka ziwiri ndinakwatiwa naye.

3

Chaka chatha, Lachiwiri lina m'mawa, ndinali kudula nsalu ya mayunifolomu a sukulu pamene mu shopu munalowa mayi wachitsikana atavala za unamwino.

"Takulandirani," ndinatero. "Ndi chosoketsa kapena chobweza?"

"Sindinabwere ndi nsalu, mayi. Ine ndine mwana wa a Mawaya."

Sizasi inaima pakati pa nsalu.

"Mwasochera khomo."

"Sindinasochere. Ndinakuonani tsiku lija kukhoti, ndinali ndi zaka zisanu. Bambo agonekedwa mu wodi yomwe ndimagwira ntchito. Impso zonse zaleka. Adokotala akuti akatha mwezi ndi mwayi."

"Ndiye mukufuna ndikawaimbire nyimbo?"

Sanakwiye. Anakoka kampando ka makasitomala n'kukhala.

"Lamlungu lapitali amuna anu anali pa wailesi, akukamba za Malasha."

Zinali zoona. Malaya amene anavala popita kumeneko ndinasita ndine.

"Ananena kuti tsiku lomaliza lija, mu nyimbo yachisanu ndi chimodzi, achimwene anu analiza gitala okha mphindi zinayi ndi masekondi khumi ndi awiri. Bambo anamva ndi khutu lawo limodzilo, anadzambatuka pabedi mpaka diripi kuzuka. Akuti ndikufunseni funso limodzi lokha. Munthu amawerenga bwanji masekondi a nyimbo imene sanaijambule, patatha zaka 28?"

"Ali ndi mutu wogwira."

"Mutu sugwira masekondi, mayi. Bambo akuti munthu wa matepi angataye mkazi, angataye mwana, koma tepi sataya. Ilipo. Iwo sakufuna kumangitsa munthu. Akungofuna kuti ife ana awo timve ndi makutu athu asanatseke maso. Ine kusukulu ndinkatchedwa mwana wa wopha Kamanzere. Azichimwene anga awiri mpaka lero sawakhulupirira bambo awo."

"Tulukani," ndinatero.

Anatuluka, koma nambala ya foni anailemba ndi choko changa chomwe pa thebulo lodulira. Nditabwerera ku nsalu ndinadula mikono iwiri yonse ya kumanzere.

4

Madzulo ndinawapeza bambo m'chipinda chawo cha makaseti, akupukuta makina ndi thonje lonyika mu sipiriti. Ndinaima pakhomo, poti m'menemo ine ndinkaloledwa kulowa Lamlungu lokha.

"Bambo, masekondi khumi ndi awiri aja munawatenga kuti?"

Thonje linaima.

"Masekondi ati?"

"A pa wailesi."

"Aaa, amene aja? Ndinangoyerekeza. Pa wailesi pamafunika kukometsera."

"Inu kuyerekeza? Inu amene simunalankhule ndi mlamu wanu chaka chathunthu chifukwa analakwitsa deti la kaseti?"

Anaseka, koma kuseka kwa mano okha.

"Wakutumani ndani, mayi?"

"A Mawaya akufa."

"Choipa chitsata mwini," anatero, n'kupitiriza kupukuta.

Ndinali pafupi kubwerera pamene maso anga anagwa pa tizipangizo tawo totsukira makina, kaburashi ndi sikuludiraiva, titaikidwa m'chitini chakale cha mkaka. Ndinakumbukira kathumba. Sabata yoyamba ya ukwati wathu, bambo anandipempha kuti ndiwasokere kathumba ka zipi kosungiramo tizipangizo timeneti. Ndinatenga chotsala cha nsalu ya diresi langa laukwati, yoyera yoterera ija, n'kusoka mosamala ngati mkazi watsopano wofuna kugometsa mwamuna. Telala saiwala muyeso. Anandiuza masentimita khumi ndi awiri m'litali, asanu ndi atatu m'lifupi. Sikuludiraiva imene inali m'chitinimo inali yaitali kuposa chikhatho changa, sikanakwana m'kathumbako ngakhale utaipinda. Muyeso umenewo unali wa kaseti.

5

Kutacha, bambo atapita kuntchito, ine shopu sindinakatsegule. Kiyi wa chipinda cha makaseti ndinampeza m'thumba la jekete yawo ya Lamlungu. Ndinayang'ana kuseri kwa mashelefu, pansi pa kapeti, m'madirowa monse, osapeza kanthu. Nditatopa ndinakhala pansi pakati pa masipika awo awiri akuluakulu aja, ndipo mpamene ndinaona. Sipika ya kumanja zomangira zake zakumbuyo zinali dzimbiri lokhalokha. Za sipika ya kumanzere zinali kunyezimira, mitu yake itaperepeseka ndi kumasulamasula.

Ndinamasula ndi sikuludiraiva yawo yomweyo. Kathumba kanali m'kati, katasanduka kachikasu chifukwa cha thukuta la m'manja. Msoko unali wanga.

Munali kaseti, ndi makadi angapo omangidwa ndi kalabala. Pa khadi loyamba panali deti limene linandipha mtima ndili mtsikana, dzina la holo, ndi nyimbo zisanu ndi ziwiri zolembedwa mwaluso. Pansi pake analemba kuti: Kamvekedwe, 10 pa 10. Pa makaseti onse a pa mashelefu panalibe ndi imodzi yomwe imene inaposa 8.

Ndinatembenuza makadi. Madeti anali ndandanda, ndipo ndinawawerenga ndi chala. Analipo 94. Loyamba linali la patangotha masiku awiri achimwene ataikidwa m'manda. Ndinapezapo m'mawa wa tsiku la ukwati wathu. Ndinapezapo tsiku limene ndinali kubuula kuchipatala pobereka mwana wathu woyamba, pamene bambo anati achedwa chifukwa cha basi. Ndinapezaponso tsiku limene tinaika mayi anga.

Ndinalowetsa kaseti m'makina n'kudina batani.

6

Poyamba kunamveka kulira kwa magetsi, kuja kumangoti mmmm osaleka, ndi anthu akulowa mu holo. Kenako mawu a bambo wachikulire, pafupi kwambiri.

"Iwe mnyamata, chotsa dzanja pamenepo. Wayayo usamukhudze."

"Akundionongera tepi, bwana. Tamverani kulirako. Ndikangochotsa wobiriwirayu kutha."

Mawu amenewo ndagona nawo bedi limodzi moyo wanga wonse. Anali aang'ono, opyapyala, koma anali omwewo.

"Ndikudziwa kuti kutha. Koma umeneyo ndi amene amateteza anthu ali pa sitejiwo. Ukachotsa upha munthu. Wandimva? Upha munthu."

"Ndamva, bwana."

Patali wina anakuwa kuti, "Mawaya! Sipika yakumbuyo yazima!" Kunamveka mapazi akuchoka. Panapita kanthawi. Kenako kunamveka kuti tswi, ngati mmene sizasi yanga imachitira ikadula zipi. Kulira kwa magetsi kunatheratu. M'bata limenelo kamnyamata kaja kanadzinong'oneza mokondwa.

"Eyaa. Kuyera kwake!"

Malasha anayamba kuimba. Ndinakhala pansi pomwepo mphindi makumi anayi ndikumva achimwene akuliza gitala, ndikudziwa kumene nyimbo iliyonse ikuwapititsa. Itafika yachisanu ndi chiwiri anaimba mawu atatu okha. Phwaa! Ng'oma zinapitirira pang'ono, kenako zinaima. Kunabuka mikuwe, ndipo pamwamba pa mikuwe yonse panali mawu a mtsikana akuti, "Achimwene! Achimwene!" Ndinali ine. Posakhalitsa tepi inatha, batani linadumpha.

Ndinaganiza kuti zathera pomwepo. Koma nditatulutsa kaseti ndinaona kuti mbali yachiwiri nayonso ili ndi cholemba. Ndinaitembenuza. Mikuwe inapitirira pomwe inalekera. Kunamveka mipando ikugwa, wina akuti, "Ndi uyu! Ndi Mawaya!" ndiyeno zibakera, ndi bambo wamkulu akulira kuti, "Si ine! Funsani mnyamatayo!"

Mwamvetsa chimene ndikunena? Kaseti sidzitembenuza yokha. Mlongo wanga ali gone pa siteji thovu lili kukamwa, munthu wosalakwa akupondedwa m'mutu, panali dzanja limene linatsegula makina, kutulutsa kaseti, kuitembenuza, kuibwezera, n'kudinanso batani. Dzanja limenelo ndi lomwe linandiveka mphete.



7

Lamlungu lililonse masana m'chipinda chija munkasonkhana gulu la osunga makaseti a Malasha, azibambo asanu ndi mmodzi a imvi ndi mimba. Wapampando anali mphunzitsi wopuma, amene onse ankangomutcha Aphunzitsi. Gululi linali ndi malamulo okhwima kuposa a tchalitchi. Kaseti ikayamba palibe kulankhula, palibe kutuluka, palibe kuiimitsa mpaka ithe yokha. Ndipo kamodzi pachaka, sabata yokumbukira imfa ya achimwene, ine monga mlongo wa Kamanzere ndinkapatsidwa ulemu wosankha kaseti ndi kuilowetsa ndekha m'makina. Sabata imeneyo inali yomweyi.

Masiku anayi ndinaphika, kuchapa ndi kuyankha "ee bambo" ngati palibe chachitika. Zomangira za sipika ndinazibwezera bwinobwino. Namwino uja ndinamuimbira foni, ndipo Lamlungu anabwera nditamuuza kuti anene kuti ndi kasitomala wanga.

"Mayi athu atisankhira iti chaka chino?" anafunsa Aphunzitsi akusisita manja.

"Yatsopano," ndinatero, n'kudina batani.

Kulira kwa magetsi kutangomveka, mwamuna wanga anaimirira ngati wakhalira singano. Aphunzitsi anakweza chala. Lamulo ndi lamulo. Ndipo, khulupirirani kapena ayi, munthuyo anakhala pansi.

Onse anamva chenjezo la a Mawaya. Onse anamva tswi uja. Anayang'anana, kenako anayang'ana pansi. Namwino anagwira pakamwa, misozi ikudutsa pakati pa zala. Koma nyimbo zitayamba ndinaona chinthu chimene sindidzachiiwala. Pofika nyimbo yachitatu, phazi la mmodzi wa azibambowo linali likugunda pansi motsatira ng'oma. Pa yachisanu ndi chimodzi Aphunzitsi anali atatsinzina, mutu ukugwedera, ndipo wina ankasuzumira pa wotchi kuti aone ngati masekondi aja akwanadi.

Batani litadumpha ndinaimirira.

"Kuli mbali yachiwiri, bambo. Tsiku lija munatembenuza ndinu, lero nditembenuza ine."

Tinaimva yonse mpaka kutha. Mwamuna wanga anagwada pa kapeti.

"Ndinali mwana, mayi. Sindinkadziwa."

"Munauzidwa kawiri. Tonse tamva."

"Ndinkaganiza kuti akungondiopseza."

"Nanga kutembenuza kaseti?"

"Dzanja linangochita lokha. Tepi ikatha umatembenuza, ndi mmene tinazolowerera."

"Nanga kukhoti? Nanga kubwera kwa mayi anga ndi nkhope yachisoni? Nanga ka 94 konse munaimvetsera, ngakhale tsiku limene ndinkakuberekerani mwana?"

Anaweramitsa mutu. Ndinkayembekeza kuti anena kuti chikumbumtima chinkamudya, kuti ankadzilanga. Ndikanamva zimenezo mwina ndikanapeza pogwira. Koma anadzutsa mutu, maso akuwala.

"Koma mwamva mmene analizira tsiku limenelo? Sanalizepo choncho moyo wake wonse. Ndikanafufuta bwanji chinthu ngati chimenecho?"

Ndinatsegula makina n'kuzula kaseti mwaukali.

"Gwirani m'mbali!" anakuwa, akutambasula manja. "Ilibe inzake imeneyo!"

Sanakuwe choncho tsiku limene mwana wathu anagwa pa njinga n'kuthyoka mkono. Ndinaika kaseti m'chikwama, n'kugwira namwino padzanja. Tili pageti ndinamva mapazi kumbuyo. Anali Aphunzitsi, chipewa chili m'manja.

"Mayi, pepani kwambiri ndi zimenezi. N'zomvetsa chisoni zedi." Anatsitsa mawu. "Koma musanapite nayo kwina kulikonse, simungatilole tikope imodzi yokha? Ya gulu basi, sitipatsa munthu."

Zaka 28 zapitazo ndinalavulira munthu wosalakwa. Tsiku limeneli malovu anadzadzanso m'kamwa, koma ndinawameza.

8

Tinapita kuchipatala tsiku lomwelo, nthawi yoona odwala isanathe. A Mawaya ndinalephera kuwazindikira. Bambo wamtali uja anali atatsala mafupa, mapazi okha ndi amene anatupa. Ana awo aamuna awiri anali chiimire kumapazi kwa bedi, manja m'matumba, ngati anthu obwera mokakamizidwa.

Namwino anabwereka kawailesi ka kaseti kwa mlonda wa pageti, n'kukaika pa pilo, mbali ya khutu lakumva. Ndinadina batani.

"Ukachotsa upha munthu. Wandimva? Upha munthu."

A Mawaya anatsegula maso.

"Ndinanena," anatero ndi mawu otsika. Anatembenukira kwa ana awo. "Mwamva? Ndinanena."

Wamkuluyo anatulutsa manja m'matumba. Wamng'ono anakhala pansi pa simenti n'kubisa nkhope m'maondo.

"Bwezanso," anatero a Mawaya.

Tinabweza katatu. Nyimbo sanafune kumva ndi imodzi yomwe, ankangoti tibwerere pa mawu awo aja. Kenako ndinagwada pambali pa bedi.

"Bambo, ndine uja ndinakulavulirani."

"Ndakudziwani. Maso anu ndi a Kamanzere."

"Ndilibe mawu. Ndinakulakwirani, ndipo ndinkanyadira."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, monga anachitira kukhoti.

"Malovu anauma tisanafike kundende, mayi. Chimene chinandipweteka n'chakuti mkazi wanga anamwalira akundifunsabe kuti, bambo, ndiuzeni zoona, munaiwala wayayo? Iyeyo ndiye simungamulizirenso kasetiyi."

Sanati andikhululukira, ndipo ine sindinawapemphe kachiwiri. Anamwalira patatha masiku khumi ndi limodzi, ana awo onse atatu ali pambali.

Kasetiyo ili m'manja mwa apolisi. Kaya mlandu udzalowa m'khoti, sindikudziwa, koma paja amati mlandu suola. Ine ndimagona kuseri kwa shopu, pakati pa mipukutu ya nsalu. Ana athu anatenga mbali yanga, ngakhale wamkazi amakawaonabe bambo ake. Akuti amangokhala m'chipinda chija, ndipo pa shelefu anasiyapo kampata pambuyo pa nambala 212.

9

Inu amene mukuwerenga, ndikudziwa mukuti mwamunayo ndi chilombo. Sindikukana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo ine ndinadya mkuyuwo zaka 26 ndikuuyamikira. Ngati muli ndi munthu m'nyumba amene amasisita zinthu mwachikondi kuposa mmene amagwirira anthu, musamangoseka kuti ndi chibwana cha azibambo. Ndipo ngati khamu likuloza munthu mmodzi chala, sungani malovu anu m'kamwa, chifukwa tsiku limene mudzafune kuwabweza mudzapeza kuti amene anafunika kumva kupepesa kwanu ena ali kale m'manda.

Koma ndinakuuzani poyamba paja kuti si mwamuna wanga yekha amene akundinyansa, ndipo sindinkanena za malovu okha. Pali chimene sindinauze apolisi, ana anga, kapena namwino uja.

Masiku anayi aja ndisanaulule, Lachisanu bambo ali kuntchito, ndinalowanso m'chipinda chija. Ndinatenga kaseti yopanda kanthu n'kukopa. Sindinakope chenjezo la a Mawaya, sindinakope tswi uja, kapena mbali yachiwiri. Ndinakopa nyimbo zisanu ndi imodzi zokha, n'kudula achimwene asanayandikire maiki. Ndinadziuza kuti ndi gitala yomaliza ya mlongo wanga, ndili nayo ufulu. Ili m'dirowa ya makina anga, pansi pa mabatani ndi ulusi. Makasitomala akachepa masana ndimatseka chitseko n'kuiika.

Ndimadziwa chimene chinagula kuyera kwa mawu amenewo. Ndimadziwa kuti bata limene gitala ikuliramo ndi waya wodulidwa, ndi khutu la a Mawaya, ndi mlongo wanga amene watsala ndi mphindi zowerengeka. Ndimadziwa zonsezi, ndipo chimene chimandichititsa nseru kwambiri n'chakuti mwamuna uja sananame. Imamvekadi bwino.

Dzulo ndinadzipeza ndatenga choko, ndikufuna kulemba deti kuseri kwa bokosi lake.